A Sakala, Amene Ankalawa Dothi la Lusaka

Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri masana. Ndinangozindikira ndaima pakhonde, mbale yosatsuka ili m'manja, ndikudikira kuti chitseko cha nyumba yoyandikana ndi yanga chimenyeke. Kwa zaka zambiri kuno ku Kabwata zinkatero. Madontho akangoyamba kulira padenga, chitseko chija phaa, a Sakala atulukira atavala majombo, ambulera yakuda ili m'khwapa, akuthamangira kokwerera minibasi. Lachiwiri chitseko sichinamenyeke. A Sakala tinawaika m'manda m'nyengo yozizira, ndipo m'nyumba mwawo munalowa anthu ena, amene mvula ikamagwa amangotseka mawindo n'kukhala phee monga amachitira anthu abwinobwino.

Iwo sanali munthu wabwinobwino, ndinene mosabisa. Tinalekana khoma limodzi lokha kuyambira mkazi wawo akali moyo, ndipo ndinawaona atakhala pansi mtima uli m'malo tsiku limodzi basi. Ankadya ataimirira. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, mwendo ukugwedera ngati akhalira linthumbu. Akamalankhula nawe maso awo ankakhala pa mapazi ako, osati mwaulemu ayi, koma kuona dothi lomwe wabwera nalo ku nsapato.

"Amake Daliso, mwenze ku Lilayi lelo," ankandiuza ndisanalonjere n'komwe, ndipo ankakhala akunena zoona, ndinalidi komweko. Zinkandinyansa kwambiri, chifukwa munthu sunkatha kupita kulikonse mwakachetechete.

Anagwira ntchito m'boma, ku nthambi yoona za nthaka ndi miyala, kenaka anaphunzitsa ku yunivesite mpaka anapuma. Kupumako kunali kwa dzina lokha. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali kufuna kudziwa kuti malo ano anali otani kusanabwere njanji, misewu ndi nyumba: madzi ankadutsa kuti, madambo ankalekeza pati, ndipo mvula ikachuluka madzi ankasefukira mpaka kuti. Ankati zonsezi zili pansi pa mapazi athu, zosanjikizana. Chaka cha madzi olusa chimasiya mchenga ndi timiyala, zaka za madzi odekha zimasiya matope akuda, ndipo china chimakwirira chinzake. Vuto linali loti tauni inathira simenti pamwamba pa zonse, kotero munthu ankaona pansipo pokhapokha wina akakumba.

Ndiye dzenje lililonse mu Lusaka linali lawo. Kaya ndi ngalande ya mapaipi ku Kabulonga, kaya akubowola chitsime ku Woodlands, kaya ndi maziko a sitolo, iwo ankafika osaitanidwa. Makondakitala a minibasi ankawadziwa. Munthu wakwera kuti akupita ku tauni, waona mulu wa dothi m'mbali mwa msewu, basi wayamba kumenya denga la galimoto kuti atsike. Alonda ankawathamangitsa, iwo n'kubwereranso mawa lake ndi mabanzi a alondawo. Ankabwera kunyumba matumba a jekete ali odzaza, ndipo khonde lawo linali mabotolo a jamu okhaokha, lililonse ndi dothi la mtundu wake.

Mkangano wathu woyamba unali wa sefa. Anandibwereka sefa yanga ya ufa, ine n'kumaganiza kuti bamboyu wayamba kudziphikira mwaukhondo chimwalirire mkazi wake. Ndinawapeza pampopi akusefera matope. Ndinawanena tsiku limenelo mpaka anthu a mzere wonse anatuluka kudzaonerera. Iwo sanapepese. Anangondikodola kuti ndione zimene zatsala pa sefa: tizigoba ta nkhono tating'ono kuposa mpunga, timbewu takuda, ndi tizidutswa ta mizu. Anati nkhono za mtundu uwu sizikhala pouma, zimafuna madzi oima chaka chonse, ndipo mizuyo ndi ya bango. Dothilo linachokera pansi pa malo amene lero anthu amaimikapo magalimoto. Ndinawauza kuti nkhono zawozo sizingandisefere ufa. Anandigulira sefa ina, koma sipanapite nthawi anabwerekanso yomweyo.

Choipa kwambiri chinali kulawa. Ankatsina dothi pang'ono n'kuika pakati pa mano akutsogolo. Ankati dongo lenileni limaterera ngati batala, koma dothi lomwe linabwera ndi madzi oyenda limachita gwerugweru m'mano, ndipo palibe makina achangu kuposa pakamwa. Ndinawachenjeza kangapo kuti pano ndi pa anthu, ndipo munthu wamkulu wodya dothi la eni ake samutcha wasayansi. Ankangoseka n'kulavula.

Chaka china anthu omanga anakumba dzenje lakuya kwambiri pakati pa tauni, chakufupi ndi njanji, pomanga nyumba yosanja. A Sakala anachita kusamukira komweko. Anagwirizana ndi oyang'anira ntchito, anapatsidwa chisoti cholimba, ndipo ankatsika pamakwerero m'mawa uliwonse ndi kampeni kopalira khoma la dzenjelo. Madzulo ankaima pakhonde panga, matope mpaka m'mawondo, n'kundifotokozera ngati ndawafunsa. Pamwamba panali zidutswa za njerwa ndi mabotolo, ndiye ifeyo. Pansi pake panali dothi lofiira. Kenaka matope akuda bii, onunkha, odzaza mizu ya bango, kutanthauza dambo lalikulu lomwe linakhala nthawi yaitali. M'mphepete mwa matopewo anapezamo phale la mbiya, ndipo anati panali anthu amene ankadzatunga madzi. Pansi pa zimenezo panali kamzere ka makala, nyengo imene kunauma udzu n'kupsa. Pansi penipeni panali mchenga wokhakhala ndi nsangalabwi zosalala, zimene anati sizingasalale popanda mtsinje wothamanga wozigubuduza. Anandiuza kuti pomwe timakangana ndi ogulitsa zovala lero, kale munthu akanamira mpaka m'khosi. Sindinawaonepo akusangalala ngati miyezi imeneyo, ndipo dzenjelo atalithira konkire anadwala mutu sabata yonse.

Ankakonda kunena kuti madzi saiwala njira imene anadutsamo, ngakhale uyikwirire ndi phula. Koma ankavomeranso kuti dothi limangonena kuti madzi anabwerapo ndipo angathe kubweranso, silitchula chaka. Anthu ankawaseka pamenepo. Munthu wodziwa kuti kudzagwa tsoka koma osadziwa liti amatopetsa, ndipo a Sakala ankatopetsadi.

Tsopano za minibasi ija. Mvula ikamagwa sankapita ku maenje ayi. Ankapita ku Chelstone, kumene kumakhala mwana wawo mmodzi yekhayo, Nelia. Ankakwera ya ku tauni, n'kusintha kukwera ya mumsewu wa Great East, kutsika pafupi ndi msika, n'kuyenda wapansi mpaka kumunsi komwe anamanga nyumba zatsopano. Kumeneko ankaima tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi kamlatho ka ngalande, n'kumayang'ana madzi akukwera. Pageti pa mwana wawo sankagogoda. Ankabwera atanyowa, akunjenjemera, ine ndili ndi mkwiyo wosakanikirana ndi chisoni.

"Mwamuona Nelia?" ndinkafunsa.

"Naona mseu," ankayankha choncho nthawi zonse.

Tsiku lina, nyumba ya Nelia itangotha kumangidwa ndi kuzunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wautali, anabwera mosiyana ndi masiku onse. Anakhala pa mpando wa pakhonde panga, anavula majombo, n'kupempha tiyi. Limeneli ndilo tsiku limodzi lija limene ndinawaona atakhala pansi mtima uli m'malo.

"Amake Daliso, mawindo ya nyumba ija yaoneka pamwamba pa mpanda," anatero. "Ya maneba bonse siyaoneka. Yake chabe."

Ndinawayankha kuti ana a masiku ano amakonda mawindo akuluakulu, nanga chodabwitsa n'chiyani. Anandiyang'ana, anaseka chapansipansi, n'kumwa tiyi yense mpaka kapu kuuma. Mawa lake anayambiranso kudya ataimirira.

Chimene chinawaimika kunja kwa geti chinachitika zaka zingapo izi zisanachitike, ndipo ndinalipo. Nelia anakula ndikumuona, amayi ake atamwalira ndinkamuluka tsitsi ndine. Atakwatiwa ndi Mulenga, mnyamata waulemu wa ku Kasama, anapeza puloti ku Chelstone. Nelia anajambulitsa nyumba yokhala ndi chipinda cha bambo ake, chokhala ndi khomo lakelake, kuti akakalamba asamakhale okha ku Kabwata. Maziko atakumbidwa anaitana abusa, akulu a mpingo ndi abale a mbali zonse ziwiri kuti adzapempherere malowo simenti isanathiridwe. Amayi ake a Mulenga anachita kubwera pa basi kuchokera kwawo. A Sakala anavala suti ya imvi, ndipo m'njira ndinawapempha kuti manja awo akhale m'matumba.

Tinaima mozungulira ngalande za maziko. Abusa anati titseke maso. Pemphero lili mkati ndinamva kuti dii, ndipo nditatsegula diso limodzi ndinaona a Sakala ali m'ngalande, suti ndi nsapato zomwe, akupala khoma ndi kiyi wa nyumba. Abusa atafika pa ameni, anthu onse anatsegula maso n'kuona bambo a mwini nyumba akuika dothi la maziko pakamwa, lina akulilowetsa m'thumba la jekete.

Kenaka iwo, ali m'dzenje momwemo, anakweza mutu n'kulankhula ndi mawu a m'kalasi.

"Nelia, apa ni pa mumana, mtsinje weniweni. Manzi yanapitapo kambili, na kubwela yazabwela. Muntu sangagone apa. Ine sinizagonamo."

Amayi ake a Mulenga anagwira pakamwa. Kwawo, ngakhalenso kwathu kuno, munthu wotapa dothi la maziko a nyumba yatsopano n'kulibisa m'thumba amadziwika chimene akufuna. Kuwonjezera apo walilawa, ndipo walengeza pamaso pa abusa kuti m'nyumbamo simudzagonedwa. Mayiwo anayamba kulira mokweza kuti nyumba ya mwana wawo yaikidwa mankhwala isanayambe n'komwe. Nelia sanalire. Nkhope yake inangouma, n'kuuza bambo ake motsitsa mawu kuti atuluke m'dzenjemo. Palibe anawapatsa dzanja, anakwera okha chokwawa.

Madzulo ake Mulenga anabwera ku Kabwata, ndipo ndinamva zonse kudzera pakhoma. Mnyamatayo sanachite chipongwe.

"Ba tata, ine niziba ati ni nchito yanu," anatero. "Manje ba mayo sibangamvele ivo. Bwezani chabe doti ija, mukambe sole pa bantu, vizasila."

A Sakala anati dothilo alisefa kale ndipo lapita ndi madzi a pampopi. Za kupepesa anati angapepese chifukwa chodetsa suti, koma osati chifukwa chouza mwana wawo kuti akumanga mumtsinje. Mulenga anachoka atanena kuti mpaka zimenezo zitachitika, ndi bwino a Sakala asafike kaye kunyumbako.

Apa ndi pomwe nzeru za m'mabuku zinawapusitsa a Sakala kotheratu. Anaganiza kuti anthu akaona umboni amvetsa. Anatenga zonse zotsala pa sefa, tizigoba ta nkhono, timizu takuda ndi nsangalabwi ziwiri zitatu, anaziika m'kabotolo, anatseka bwinobwino, n'kukasiya pa puloti kwa omanga kuti apatse Nelia. Anandiuza atachita kale, akumwetulira. Ndinangokhala pansi manja ali kumutu. Kabotolo ka zigoba ndi mizu, kosiyidwa pamaziko a nyumba, kochokera kwa munthu amene akumuganizira kale! Anakaona koyamba anali amayi ake a Mulenga. Omanga awiri anathawa ntchito tsiku lomwelo, ndipo panachitikanso mapemphero ena amene ife sitinaitanidwe.

Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana sanalankhulane. Akulu a mpingo anayesa, ine ndinayesa mpaka pakamwa kuuma. Awiriwo anali mutu umodzi, wouma chimodzimodzi. Ine ndinawerengedwa wa mbali ya a Sakala, popeza sefa inali yanga, choncho ku Chelstone sindinapondeko. Nelia ankangondiimbira foni mwa apo ndi apo kufunsa ngati bambo ake akudya ndiponso ngati akumwa mankhwala a magazi. Ndikamuuza kuti afunse yekha, ankasintha nkhani. Za nyumba sanatchulepo ngakhale kamodzi.

Ndipo chigumula chachikulu chija sichinabwere. Msewu unkasanduka kamtsinje chaka ndi chaka, madzi ankafika m'mageti a anthu, koma ankaphwa. Amuna a kutchalitchi ankawafunsa mwachipongwe kuti mtsinje wawo uja wafika pati. A Sakala anandiuza tsiku lina kuti amapemphera kuti afe ali wabodza pankhani imeneyi. Ndikhulupirira ankanena zoona, chifukwa mitambo ikada kum'mawa ankangozungulirazungulira pakhonde atavala kale majombo.

Anagwa m'mawa wina pampopi, sefa ili m'manja. Nelia anafika kuchipatala tsiku lomwelo ndipo sanachoke pambali pa bedi, koma a Sakala anali atasiya kale kulankhula, ndipo maso sanatsegule. Sanagone masiku ambiri.

Maliro anachitikira ku Chelstone, chifukwa ku Kabwata kunalibe malo a anthu. Mulenga yemweyo ndiye anatsegula geti ndi kunyamula mipando. Ndinalowa koyamba m'mpanda umenewo, ndipo ndinaima. Nyumba inali m'mwamba. Kuti ufike pakhonde unkakwera masitepe, pansi pake pali miyala yosanjidwa kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndipo ngalande yowaka inazungulira nyumba yonse n'kutulukira kumsewu. Anthu ena ankangodandaula mawondo pokwera, osaganiza kanthu.

Titabwera kumanda, Nelia anandigwira dzanja n'kunditengera kuseri. Anatsegula khomo lina ndi kiyi wa pa mkanda wake. Munali bedi loyala, mpando, ndi mashelefu opanda kanthu a khoma lonse, oyenera mabotolo. Pawindo panali kabotolo kaja ka zigoba za nkhono.

"Bananisebanya pa bantu, nenze na manyazi, anti, koma sibananame," anatero. "Nenze naziba. Nakula na ma botolo yao. Tinakangana na ba Mulenga mpaka tinakweza faundeshoni yonse."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanawauze.

"Nenze kufuna bagogode chabe. Mvula iliyonse nenze kuimilila apa, naona ambulela yao paja pa mango. Nikamba mu mtima ati lelo bazaoloka mseu." Anatembenukira kwa ine. "Manje bafa osaziba ati ninabamvela."

Pamenepo ndi pomwe tsiku la tiyi lija linandibwerera. Ndinayang'ana windo, ndinaona kuti kuchokera m'chipindamo munthu amaona msewu pamwamba pa mpanda, ndipo ndinamvetsa chimene a Sakala anaona ali tsidya linalo. Munthu amene ankadziwa komwe wachokera poona nsapato zako sakanalephera kudziwa chifukwa chake mawindo a nyumba imodzi ali pamwamba kuposa a anzake. Ndinamuuza Nelia mawu awo monga anawanenera, kuti ya maneba onse siyaoneka, yake chabe. Ndinamuuzanso kuti tsiku limenelo anakhala pansi, anavula majombo, n'kumaliza kapu ya tiyi.

"Banakhala pansi?" anafunsa, chifukwa ankawadziwa bambo ake.

Nditavomera, anakhala pa bedi lija n'kulira kulira komwe sanalire kumanda. Ine ndinali ndi mkwiyo pa onse awiri, ndipo ndikadali nawo. Bambo ankadziwa kuti mwana wamvera, mwana ankaona bambo atayima pamvula, pakati pawo panali msewu umodzi wokha.

Lachitatu, mvula itagwanso, sindinathe kukhala m'nyumba. Ndinakwera minibasi ziwiri zija mpaka ku Chelstone. Chipinda chili momwe chinalili. Nelia amasesamo, amasintha nsalu za pabedi, koma salola mlendo kugonamo. Mashelefu tsopano ali ndi mabotolo amene anakatenga ku Kabwata, ndipo palibe aliyense wa ife amene akudziwa kuti dothi lililonse linachokera dzenje liti. Tinaima pawindo awiriwiri. Madzi ofiira ankathamanga mumsewu, akugunda kamlatho ka ngalande, akukwera pang'onopang'ono. Pansi pa mango panalibe munthu, panali kamalo kolimba kopanda udzu pomwe majombo ankaponda. Pochoka ndinafuna kukoka geti kuti nditseke, koma Nelia anandiletsa ali pamwamba pa masitepe. Anati mvula ikamagwa amalisiya lotsegula.